Tsiku Limene Maliro Anakana Kupita ku Manyamula

Ine ndine makaniko, kapena ndinene kuti ndinali, poti masiku ano maso akana. Zaka zanga zonse ndinathera m'galaja ya zankhalango ku Luwawa, kumasula mathirakitala okoka mitengo ya paini ndi malole otuta matabwa. Ndikunena zimenezi kuti mudziwiretu kuti amene analakwitsa pa nkhani iyi sanali mbuli ayi. Ndinali ine, Phiri wa ku Dedza, munthu amene injini ikangotsokomola anthu ankathamangira kunyumba kwake.

Mlongo wanga Esnati anakwatiwa ndi a Lameck Zimba a ku Manyamula, kapitawo wa pamakina ocheka matabwa. Alamu angawo anakhalitsa ku Joni, ndipo pobwera anabwera ndi chigalimoto chobiriwira, chachitali kumbuyo, cha otomatiki. Kilatchi panalibe. Magiya inkasintha yokha, iwe kumangosuntha kandodo ka pachiwongolero n'kuponda moto. Ku Luwawa konse inalipo yokhayo. Koma anaipangira misewu yosalala ya kwawoko, moti pa zitunda za Viphya oyilo wa m'giyabokosi, wofiira uja, ankatentha mpaka kununkha. Alamu analembera mnzawo ku Joni kuti awatumizire kaladiyeta koziziritsa oyiloyo pamodzi ndi sefa yake. Katunduyo atafika anabwera naye kwa ine akumwetulira.

"Alamu, imwe ndimwe dokotala. Ikani."

Ndinaika Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi. M'bokosimo munali pepala la Chingerezi ndi Chibunu, koma ine ndinangoyang'ana chithunzi n'kuliponya uko. Wondiphunzitsa ine mapaipi ndani? Kaladiyetako ndinakamanga kutsogolo kwa ladiyeta yaikulu, sefa ndinaikhomera pambali pa injini, ndipo polumikiza ndinapeza kuti paipi yawo yaperewera pang'ono, ngati chikhatho chimodzi ndi theka. Sindinadandaule. Ndinadula chidutswa cha paipi ya dizilo pa thirakitala ina yakufa, n'kuchilumikiza ndi kachitsulo kamphako, n'kumanga ndi waya zolimba. Tinaliza galimoto, osadontha ngakhale kamodzi. Esnati anatibweretsera chindongwa, thobwa la kumeneko, alamu n'kumandiyamika kuti ndaposa azungu a ku Joni.

Patapita miyezi isanu alamu anadwala m'mimba. Matenda atakula, abale awo anabwera kudzatenga ana awo awiri, Tiwonge ndi Lusungu, kuti akakhale kumudzi mayi awo azidwazika bwino. Kenaka Esnati anandipempha kuti tiwatengere ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Sanadikire chilolezo cha kuchimuna, poti munthu anali akutha tikuona. Ndinayendetsa ndine, ndipo galimoto inayenda bwinobwino mpaka kukafika. Alamu anakhala masabata awiri, n'kutisiya.

Apa ndifotokoze pang'ono, chifukwa ife a kwathu zimenezi timazimva mochedwa. Kwathu ku Dedza ana ndi a kuchikazi. Ku Mzimba, ng'ombe za lobola zikangoperekedwa, ana ndi a kuchimuna basi. Mwamuna akamwalira, mkazi amakhala ndi ana ake ngati abale a mwamunayo amufuna. Akapanda kumufuna amanyamula kachikwama kake n'kumapita yekha. Bambo athu polandira ng'ombe zinayi za lobola ya Esnati ankaseka kuti atola chikwama, osadziwa kuti agulitsa zidzukulu.

Kudzatenga maliro kunabwera anthu awiri pa basi: a Yotamu, akulu awo a malemu, munthu wamtali wosalankhulalankhula, ndi mlongo wawo Nyazimba, amene ankalankhulira onse awiri. Uthenga tinaupereka pa wailesi kuti tifika Lachinayi masana, ndipo a Yotamu anandiuziratu kuti anthu ayamba kukumba m'mamawa wa tsikulo. Kwawoko dzenje likakumbidwa siliyenera kugona lopanda maliro, amati limaitana munthu wina. Choncho dzuwa lisanalowe tinayenera kukhala tili ku Manyamula.

Tinanyamuka kutangocha. Tinapinda mipando ya kumbuyo n'kulowetsa bokosi, bokosi lolemera la mlombwa poti a Yotamu anakana la paini kuti mng'ono wawo wacheka paini mokwana. Esnati ndi Nyazimba anadzipanikiza m'mbali mwa bokosilo. A Yotamu anakhala kutsogolo ndi ine. Pamwamba tinamanga masutikesi, matiresi ndi zigubu ziwiri za petulo, ndipo kutsogolo tinasomeka masamba aawisi kuti aliyense adziwe kuti tanyamula maliro. Unali mwezi wa Okutobala. Pofika pa Mponela malaya anali atandimatirira kale kumsana.

Pa Kasungu tinaima kumwa madzi. Zinali nthawi zija za makadi a chipani, ndiye anyamata atatu anabwera kudzafunsa makadi, koma ataona masamba ndi bokosi anavula zipewa n'kubwerera chammbuyo. Ine mumtima ndinati ulendo uno Mulungu ali nafe. Ndinafulumira kuyamika.

Titangodutsa Nkhamenya, pa kachitunda kosaopsa n'komwe, injini inayamba kulira kwambiri koma galimoto ikucheperachepera mphamvu. Ndinaponda moto, iyo n'kumangobangula ngati ng'ombe yomangidwa. Kenaka inaima. Ndinazimitsa injini.

Anthu a m'midzi ya pafupi anabwera, monga mudziwa anthu akaona maliro. Amuna asanu ndi mmodzi anagwira kumbuyo osafunsa n'komwe.

"Kwerani adada, tikankhe, muikhwapule giya yachiwiri!"

"Siyikankhidwa iyi," ndinatero.

"Galimoto yosakankhidwa iliko?"

Ndinawafotokozera mpaka kukhosi kuuma, koma ankangoyang'anana ngati ndikuwanyoza. Mmodzi anati makaniko wa masiku ano ndi wa pakamwa. Ndinatsegula boneti n'kusolola kandodo koyezera oyilo wa m'giyabokosi. Oyilo uja wofiira anali atada, akununkha ngati nyemba zopserera. Ndinadabwa kwambiri, chifukwa kaladiyeta kanga kanali pomwepo, ndipo nditakakhudza kanali kozizira. Zimenezo zokha zikanandiuza zonse, koma mutu wanga unali pa maliro.

Tinakhala pamenepo ola lathunthu, pansi pa mtengo wa muwanga wopanda mthunzi. Mayi wina anatibweretsera madzi m'chipanda. Ndi pamenepo pamene Nyazimba anayamba, motsitsa mawu, akuyang'ana bokosi.

"Wakukana."

Chitumbuka ndinkachimva. Ankanena kuti malemu akukana kupita. Aliyense amene anaperekezapo maliro akudziwa kuti galimoto ikafa panjira, anthu amati womwalirayo ali ndi chifukwa. Esnati anangoweramitsa mutu, akupotokola nsonga ya chitenje. Oyilo atazizira ndinaliza, ndinasuntha kandodo, galimoto n'kunyamuka ngati palibe chachitika.

Pa Jenda sitinaime. Ndinkayenda pang'onopang'ono, khutu lili ku giyabokosi, ndikupemphera pa chitunda chilichonse. Tinalowa m'dera la mitengo ya paini, kwathu kwenikweni, kumene njira iliyonse ndinkaidziwa. Ndipo pafupi ndi mphambano yopita ku Luwawa, pa chitunda chachitali chija, inabangulanso n'kuima. Mayo ine! Pa malo onse a m'dziko muno, inasankha kuima poyang'anana ndi njira ya kunyumba ya Esnati.

Nyazimba sanatsitsenso mawu. Anasinthira ku Chichewa kuti mlongo wanga amve bwino.

"Mwaona? Waima pakhomo pake. Akutiuza kuti chinamudya chili kunyumba kwake. Iwe Nyaphiri, unamutengera ku Lilongwe bwanji osatiuza? Unkathawitsa chiyani? Unkaopa kuti tikamuona tidziwa?"

"Alamu, ndinkafuna achire," anatero Esnati.

"Wachira?"

Ine magazi anandiwira, koma pamaliro a eni sulalata. Ndinavula malaya n'kulowa pansi pa galimoto, phula likundiwotcha kumsana. Ndinatsata paipi ndi maso kuchokera ku giyabokosi, kudutsa pa sefa, mpaka pa chidutswa changa chija. Ha! Chinali chitafufuma ngati chala chotupa, chofewa, chitapindika pakati, oyilo akuchucha pa waya. Paipi ya dizilo siipirira oyilo wotentha chotero. Masiku onse aja galimoto inkayenda yopepuka m'kuzizira kwa ku Luwawa, chidutswacho chinkangofewa pang'onopang'ono. Lero, ndi dzuwa limeneli ndi katundu ameneyu, chinatsekeka, oyilo osafikanso koziziritsa kuja. Ndinagona pansipo ndikuyang'ana ntchito ya manja anga, ndipo kunena zoona ndinalakalaka galimotoyo itangondigwera.

Ndinatuluka n'kupita kwa a Yotamu. Manyazi ndinawameza.

"Akulu, wolakwa ndine. Malemu sakukana kanthu. Pali paipi imene ndinaika ine ndi manja angawa, yosayenera. Bwerani muone."

Sanawerame n'komwe.

"Munaika liti, a Phiri?"

"Miyezi isanu ndi iwiri yapitayo."

"Popita ku Lilongwe inalipo?"

"Inalipo."

"Inaima?"

"Ayi, koma tsiku limenelo kunali..."

"Mbwenu, basi. Pomuchotsa kwawo inayenda. Pomubweza kwawo ikukana. Inu mukuikira kumbuyo mlongo wanu, ndipo sindikukudani, inenso ndikanatero." Anatembenukira kwa Esnati. "Kawiri aka. Akakana kachitatu, mulamu, mutsika pomwepo. Simukaponda pa manda, ndipo ŵana mba kwithu. Ana ndi athu."

Anayankhula mofatsa, ngati akunena za mvula. Esnati sanalire. Anangondiyang'ana ine, ndipo maso amenewo sindinawaiwale mpaka lero.

Kunabwera lole ya kuntchito kwathu itasenza zipika, woyendetsa wake Kamanga, mnzanga wa zaka zambiri. Ndinamugwira mkono.

"Kamanga, ndapota nawe, titsitse zipika zingapo tikweze bokosi."

Anayang'ana uku ndi uku. Anati galimoto ya boma ikapezeka ku Manyamula popanda kalata, ntchito yake yatha, mwinanso zoposa ntchito, ndipo nthawi zimenezo sankanama. Anandisiyira mpeni, pulayala ndi madzi a m'chigubu, analowetsa mutu m'galimoto kupepesa maliro, n'kumapita akupukuta m'maso.

Kukonza ndinkadziwa. Kunali kudula chidutswa changacho, kusiya kaladiyeta pambali, n'kubweza paipi yabwinoyo mmene inalili kale. Koma podula oyilo wambiri akanatayika, ndipo wotsalayo anali kale wochepa. Popanda oyilo wofiira galimoto imeneyo ndi chitsulo chabe. Ndinathira madzi pa giyabokosi, tinadikira, ndipo tinatsetsereka kulowera ku Mzimba ngati kamba, ine ndikuzimitsa injini paliponse potsika.

Tinafika pa boma cha m'ma 3 koloko. Pomwetsera mafuta mnyamata wake anandibweretsera oyilo wa injini, kenaka wa mabuleki, kenaka anandifunsa ngati ndikufuna penti. Ndinathamanga sitolo ndi sitolo, makaniko wamkulu ine, wopanda malaya, thupi lonse lakuda. Wina anati ndiyese kwa abambo a ku mishoni, wina anati ku galaja ya zamisewu, ndipo konseko ndinapeza zitseko zotseka. Pomaliza mayi wina wogulitsa tomato anandilozera kuseri kwa msika, kwa mkulu wina wokonza zigayo dzina lake Chisi. Iyeyo anali ndi chitini cha oyilo wofiira amene ankathira m'chiwongolero cha lole yake yakale. Nditamuuza za maliro ananditsanulira m'mabotolo anayi, ndipo ndalama anakana.

"Yewo chomene, adada," ndinatero.

Nditabwerera ndinapempha a Yotamu kuti andipatse theka la ola, zitsulo zizizire ndikonze. Analoza dzuwa.

"Anthu akhala pa dzenje kuyambira m'mawa. Thirani mafuta anuwo tizipita."

"Akulu, ikaimanso."

"Ikaima ndiye kuti wanena."

Ndinathira botolo limodzi, atatu ndinabisa pansi pa mpando. Tinalowa msewu wafumbi wa ku Manyamula, wa mabampu ngati malata, bokosi likugunda kumbuyo, amayi awiri aja ataligwira uku ndi uku osayang'anana. Tinadutsa ngolo za ng'ombe, minda yotentha kale, anthu a pa njinga akutsika kuvula zipewa. Ndinayamba kuwerenga mitunda ndi mtima. Kutatsala pang'ono kuti tione masitolo a pa Manyamula pali kamtsinje kouma, kamchenga, ndipo kutsidya kwake kuli kachitunda. Mumchengamo galimoto inalimbana, inatuluka, inakwera theka la kachitundako, n'kubangula kachitatu.

A Yotamu anatsika, anakwera pa bampala, anamasula sutikesi ya Esnati n'kuiika m'mphepete mwa msewu. Anatsegula chitseko cha kumbuyo.

"Khirani, mulamu. Tsikani."

Esnati anatsika n'kukakhala pa sutikesi yake, manja ali pamutu. Ine sindinadikire kuti zizizire. Ndinaika miyala kumatayala, ndinatenga mpeni wa Kamanga n'kulowa pansi. Nditadula chidutswa chija oyilo wowira anandithira m'manja mpaka m'zigongono, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisakuwe. Zipsera zake ndili nazo. Ndinasolola paipi yabwino ija, ndinaipinda kubwerera ku giyabokosi, ndinamanga ndi zomangira zake zenizeni zimene ndinachotsa pa kaladiyeta. Zala zinkakana kugwira pulayala. Ndinathira mabotolo atatu aja, n'kukhuthulira madzi onse otsala pa giyabokosi mpaka nthunzi kuti fuu. Ngati zigwira kapena ayi sindinkadziwa, poti giyabokosi yopsa katatu ikhoza kukhala itafa kale.

Anthu anali atasonkhana, ena ochokera kumaliro komweko atamva kulira kwa injini. Nditatuluka ndinapeza a Yotamu atagwada kumbuyo kwa galimoto, kumutu kwa bokosi, monga mwa mwambo wake. Ankayankhula ndi mng'ono wawo.

"Lameck, munung'una wane, takumva. Amene umamukana tamutsitsa. Tiye kukaya, kumudzi anthu akudikira." Kenaka anakweza mawu. "Lizani, a Phiri!"

Ndinakhala pa chiwongolero, ndipo pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndakonza galimoto pa nthawi yoipitsitsa. Ikanyamuka tsopano, Esnati ali pa sutikesi, ndiye kuti Lameck wavomera pamaso pa mudzi wonse kuti mkazi wake ndiye anamupha. Manja anga omwewa akanamulanda ana kachiwiri.

Galimoto ya otomatiki ili ndi malo ena pa kandodo kaja pamene injini imalira koma matayala osalandira kanthu. Pa anthu onse aja, wodziwa zimenezo ndinali ine ndekha, ndi amene anali m'bokosi. Ndinaliza, ndinasiya kandodo pamenepo, n'kuponda moto mpaka pansi. Inabangula, fumbi linabuka, osasuntha ngakhale pang'ono. Ndinaponda kachiwiri. Mulungu andikhululukire, ndinaponda ndi nkhope ya munthu wodabwa.

A Yotamu anadzuka atasokonezeka. Nyazimba anawakankha n'kugwada iwo.

"Mudumbu wane, ndine mlongo wako. Ukufunanso chiyani? Tiye!"

Ndinapondanso. Inalira mpaka ana kuthawa, koma inakhala pomwepo. Anthu anayamba kung'ung'udza. Dzuwa linali litafiira kale kumadzulo, ku malire a Zambia. Ndinkafuna kunena kuti Esnati nayenso ayese kuyankhula ndi mwamuna wake, koma zikanachokera pakamwa panga zikanaonongeka. Ndinangodikira, manja akundiwawa ngati ali pamoto, ndikupempha kuti wina aliyense aganize. Ndipo mkulu wina wa mpingo, atagwira njinga yake, anafunsa.

"Kasi muwoli wake wayowoya? Mkazi wake wayankhula naye?"

A Yotamu anayang'ana dzuwa, anayang'ana bokosi, n'kukodola Esnati ndi mutu.

Anabwera pang'onopang'ono. Ndinkamuona pa kagalasi. Anagwada, anaika chipumi pa bokosi, ndipo anayankhula Chichewa cha kwathu, mokweza, aliyense akumva. Ine ndinkayembekeza kuti angoti tiyeni.

"Bambo a Tiwonge, ndine. Ngati ndinakulakwirani pokutengerani kutali, pepani, ndinkafuna mukhale moyo. Musandisiye pamsewu. Tiyeni tonse kwanu. Ndikulonjeza pamaso pa anthu awa kuti sindidzachoka pa mudzi wanu. Sindidzabwerera ku Dedza, sindidzakwatiwanso. Ndidzalera ana anu pomwepo, ndipo ndidzagona pafupi ndi inu."

Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi zokha. Ndinafuna kukuwa kuti iwe, usalonjeze zonsezo, n'zosafunika, ndi paipi chabe! Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo anthu onse anali akuyang'ana ine. Ndinasuntha kandodo ndi zala ziwiri, cham'munsi, n'kuponda pang'ono. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, ndipo ndinati basi, yafa, ndamupha mlongo wanga. Kenaka ndinamva kugunda pansi pa mpando, galimoto inagwedezeka, n'kuyamba kukwera.

Amayi analira mokweza onse pamodzi. Nyazimba anagwa m'fumbi, ndipo podzuka anakatenga yekha sutikesi ija n'kuisenza pamutu. A Yotamu anamugwira Esnati pa dzanja n'kumukweza kutsogolo, pampando wawo, iwo n'kumayenda pansi pambali pa galimoto mpaka kumudzi. Tinaika maliro kuwala kukadalipo. Tiwonge ndi Lusungu anagona pa miyendo ya mayi awo.

Esnati anasunga mawu ake onse. Analima fodya ndi chimanga pa munda wa malemu, anaphunzira Chitumbuka mpaka kuiwala mawu ena a kwathu. Amuna awiri abwinobwino anamufunsira, anawakana. Mayi athu atadwala ku Dedza anapita masiku atatu okha n'kubwerera. Ana anakula, Tiwonge anapita ku Blantyre, Lusungu anakwatiwa ku Euthini, iye n'kutsala yekha m'nyumba yodontha, pakati pa anthu amene tsiku lina anamuikira sutikesi pamsewu.

Nditapuma ntchito ndinapita kukamutenga. Ndinali nditakonzeka kumuuza zonse, ndipo mawu ake ndinawayeseza njira yonse m'basi. Ndinamupeza akusenda chinangwa pakhonde, tsitsi litayera.

"Mlongo, ana anapita. Tiye kwathu, ukapume. Za pamsewu zija..."

Anaika mpeni pansi n'kumwetulira, nkhope yonse kuwala ngati mtsikana.

"Achimwene, mukudziwa, m'chipatala muja sanathe kunditsanzika, anali atasiya kale kuyankhula. Ndinkaganiza kuti anapita atandikwiyira. Koma pamsewu paja anakana akulu ake, anakana mlongo wake, anamva ine. Zaka zonsezi chondidzutsa m'mawa ndi chimenecho. Inu munalipo, munaona nokha."

Ndinayang'ana zipsera za m'manja mwanga, ndinayang'ana iye.

"Ndinaona," ndinatero.

M'mawa mwake ndinakwera basi ndekha.